Kunenepa kwa Achemwali Anga

Achemwali anga anabadwa oonda ngati ine. Tonse awiri tinatengera amayi: miyendo yaitali, mapewa osongoka, khosi loonetsa mitsempha tikamaimba kutchalitchi. Pa komboni pathu, pa famu ina ya fodya ku Tengwe, thupi lotere silinali nkhani. Ana onse tinali choncho, ndipo akuluakulu ogwira ntchito m'minda ndi m'mabani owotchera fodya anali ouma ngati mitengo ya bulugamu. Wonenepa pa famu yonse anali mkazi wa foromani basi, ndipo tinkamuyang'ana mmene tinkayang'anira galimoto ya mzungu, chinthu chabwino koma cha eni ake.

Agogo athu aamuna anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo sanabwererenso. Abambo anabadwira pa famu, ife chimodzimodzi. Panyumba tinkayankhula Chichewa, kusukulu ndi kuchigayo Chishona, ndipo amayi akapsa mtima ankasakaniza zonse. M'banja mwathu tinatsala ana awiri aakazi, achemwali ndi ine, otalikirana zaka chifukwa apakati pathu anamwalira ali makanda. Motero kuyambira ndili wamng'ono achemwali anali mayi wanga wachiwiri. Ndiwo ankandisambitsa, ndiwonso ankandimenya.

Kutha kwa mwezi famu inkapereka ufa, nyemba ndi mchere, mwezi wina matemba. Zina zonse zinkachokera kumunsi kwa damu, kumene anthu a pa komboni ankaloledwa kulima timadimba. Amayi anali ndi kachigawo kawo. Ankadzala repu, kovo, maungu, tomato ndi mbatata, ndipo bonongwe ndi luni zinkamera zokha m'mizere. M'dzinja ankafutsa masamba n'kuyanika pa mphasa, ife n'kumaingitsa nkhuku. Kuseri kwa mabani kunali tchire la masuku, amene kuno timati mazhanje, ndipo akapsa tinkabwerako milomo ili yomata. Sindikunena kuti tinkakhuta. Panali miyezi imene tinkagonera phala lopanda kanthu, ndipo mafuta ophikira ndi shuga zinkaoneka pa Khirisimasi kapena kukabwera mlendo. Koma mbale ya ndiwo inkakhala yobiriwira masiku ambiri a chaka.

Kenako zinafika zaka zija zimene maliro anachuluka m'makomboni. Matendawo sankatchulidwa dzina. Anthu ankangoti uje wayamba kutha, ndipo aliyense ankamva. Kwathu anayambira abambo. Anatsokomola nyengo yonse yachisanu, akuboola lamba wawo mabowo atsopano ndi msomali, mpaka tsiku lina analephera kudzuka kuti apite kuntchito. Titawaika m'manda sipanapite nthawi, amayi nawonso anayamba. Achemwali, amene n'kuti atayamba kale ntchito yosankha fodya ku shedi, ndiwo ankawasambitsa, kuwamwetsa phala ndi kuwabereka popita kuchimbudzi. Ankandiuza kuti amayi apepuka kuposa mtolo wa udzu. Anzawo amene kale ankabwera kudzapempha mchere anayamba kupereka moni ataima panjira. Amene ankalowa kudzazonda ankakana madzi akumwa, ati amwa kale.

Pa maliro a amayi n'kuti achemwali ataonda kwambiri chifukwa chosagona ndi kusadya. Tili chikhalire pa mphasa pafupi ndi bokosi, mayi wina kumbuyo kwathu anauza mnzake m'Chishona, monong'ona koma momveka, kuti ayang'ane mafupa a m'khosi a mwana wamkuluyo, nayenso ulendo wayamba. Ndinaona achemwali akukoka nsalu kuphimba mapewa. Sanatembenuke.

Panali mnyamata wosonkhezera moto m'mabani amene anali atatumiza kale mawu kwa amalume kuti akufuna banja. Maliro atatha anasiya kubwera. Patapita nthawi mlongo wake anadzanena kuti mayi awo akana, sakufuna kuika mwana wawo m'manda chifukwa cha mkazi. Achemwali analibe matendawo. Zinadziwika pambuyo pake kuchipatala, koma apo n'kuti mnyamatayo atakwatira wina.

Tsiku limene mlongo uja anabwera ndi uthengawo tinapita kudimba kukathirira. Achemwali anathirira mizere yonse. Pobwerera anaima pa khoma la damu n'kutula ndowa.

"Iwe, unawamva anthu aja pa maliro?"

Ndinati ndinawamva.

"Andinena komaliza. Pa komboni pano sadzandilozanso chala chifukwa cha mafupa."

Ndinali mwana, ndinayesa ndi mawu a mkwiyo chabe.

Patapita zaka zochepa famu inagawidwa mapuloti. Mzungu anachoka, kunabwera eni atsopano ambiri, aliyense ndi gawo lake. Ife tinalibe kwina kopita, choncho tinatsala m'nyumba zomwezo za pa komboni, tikugwira maricho, ndiye kuti ganyu, kwa aliyense wofuna manja. Ufa ndi nyemba za kutha kwa mwezi zinaleka. Damu linagwera m'puloti ya bambo wina amene sanali woipa mtima, kungoti madzi ndi dothi lomwe lija ankazifuna kuti afesepo nazale ya fodya. Anatipatsa nthawi yokumba mbatata zathu, kenako anatchinga waya. Mitengo ya masuku inalowa m'ng'anjo za mabani umodzi ndi umodzi, chifukwa malasha anali atasiya kubwera. Fodya anadzalidwa mpaka m'mphepete mwa zimbudzi zathu.

Chimene chinamera pambuyo pake ndi matakishopu, timasitolo ta malata tokhala ndi zenera limodzi. Olemba ganyu ambiri sankalipira mpaka fodya atagulitsidwa, ankangokuuza kuti ukatenge katundu ku takishopu yawo. Ndipo m'takishopu mumakhala zinthu zosaola: shuga, mafuta, fulawa, machankisi a soya, mabisiketi, mbuliwuli zimene kuno timati maputi, jusi wothira madzi. Masamba ankabwera pa kombi, ndiye kuti minibasi, kuchokera ku Karoi atafota, kamtolo kake kodula kuposa buledi. Anthu okhala pakati pa minda yobiriwira tinayamba kudya ndiwo za m'paketi.

Pamphambano pamene msewu wa famu umakumana ndi msewu waukulu panali sitolo ya bambo wina wachisilamu, amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Iye ankadziwana ndi abambo athu, ndipo ataona mmene tinkavutikira anaitana achemwali kuti azikazinga mandasi ndi tchipisi pakhonde la sitolo, kugulitsa kwa oyendetsa malole a fodya ndi anthu odikira kombi. Anawauza kuti zotsala madzulo ndi zawo. Anali munthu wachifundo, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inandifikitsa ine Fomu 4.

Achemwali anasiya kuyenda mitunda ya kumunda. Tsiku lonse ankakhala pa kampando pafupi ndi chiwaya. M'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi ophwanyika amene sakanagulika, masana tchipisi ndi chakumwa chozizira chifukwa cha kutentha kwa moto, madzulo nsima ndi machankisi osambira m'mafuta otsala m'chiwaya. Ankadya ngakhale atakhuta. Ndinkawaona akukankhira chidutswa chomaliza m'kamwa ngati munthu womwa mankhwala. Anagulanso timapiritsi topatsa njala kwa amayi ogulitsa pa renki ya mabasi ku Karoi. Ankatibisa m'chitini cha ulusi, koma ine ndinkatidziwa.

Thupi linabwera. Linayambira m'masaya, kenako m'mikono ndi m'chiuno, ndipo mafupa a m'khosi anamira. Ashona akaona munthu wanenepa amati wasimba, mawu omwewo amene amanenera munthu wamphamvu, ndipo achemwali anayamba kuwamva tsiku ndi tsiku. Amayi a kutchalitchi ankawagwira mkono n'kumati thupi lawayanja. Mayi a mnyamata wa m'mabani uja ankabwera kudzagula mandasi, akupereka moni wopinda mawondo. Achemwali ankawaikira limodzi la basela ndi nkhope yofatsa, ndipo akachoka ankaseka mpaka misozi.

Zimenezo zinali zaka zawo zabwino, sindingakane. Anakwatiwa ndi dalaivala wa thirakitala, Mchewa mnzathu wochokera ku famu ina ya ku Darwendale, munthu wofatsa. Alamu ankanyadira mkazi wawo, ankati akamayenda nawo anthu amadziwa kuti m'nyumba mwawo mulibe njala. Anabereka mwana wamkazi. Ine ndinayamba kuphunzitsa ana a kireshi, sukulu ya mkaka, m'nyumba yakale yosungiramo feteleza, ndipo ndinakhalabe woonda. Zimenezi zinkawadetsa nkhawa achemwali. Ndikapita kwawo ankandithirira okha shuga mu tiyi, kuopa kuti ndichepetsa.

"Ukufuna anthu azikunena?" ankatero. "Idya, iwe."

Mwana wawo atafika ku sekondale, achemwali anayamba kuima kawirikawiri pokwera kachitunda kopita kusitolo. Mawondo ankawawa, mutu sunkasiya, ludzu silinkatha ngakhale amwe bwanji. Iwo ankati ndi utsi wa pa chiwaya.

Chaka china mvula itangosiya kunabwera gulu la anthu ochokera ku yunivesite ina ya m'tauni. Ankachita kafukufuku wa zakudya m'makomboni a m'mafamu: anthu amadya chiyani, amachipeza kuti, ndipo matupi awo ali bwanji. Anabwereka chipinda chathu cha kireshi, ndipo anandipempha kuti ndiziwamasulira okalamba akamayankhula Chichewa chakale chimene iwo sankachimva. Anabwera ndi sikelo, tepi yoyezera m'chiuno, makina a BP ndi kachipangizo kobaya chala. Ena ankazungulira matakishopu kuyang'ana zimene zili pa mashelefu. Aliyense ankafunsidwa zimene anadya dzulo lake kuyambira m'mawa, ndipo ine pomasulira ndinamva mayankho omwewo mpaka ndinawaloweza: tiyi, buledi, sadza (ndiyo nsima) ndi machankisi, tiyi.

Achemwali anabwera tsiku lina masana atasamba ndi kudzola ngati akupita ku ukwati. Anakwera pa sikelo akuseka, n'kufunsa ngati ipirira. Amene anali pa benchi anaseka nawo. Woyeza anali namwino wachitsikana, wamng'ono thupi, woyankhula motsitsa mawu. Anawayeza BP. Anawauza kuti apume pang'ono, n'kuyezanso mkono wina. Anawabaya chala. Kenako anapempha kuti ena adikire panja, ine nditsale.

Anawauza mwaulemu, m'Chishona, kuti BP yawo yakwera koopsa, shuga wachuluka m'magazi, ndipo thupi lalemera kuposa mmene mtima ndi mawondo zingapiririre. Anati apite ku kiliniki sabata yomweyo. Achemwali Chishona ankachimva bwino kuposa ine, komabe anatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani?"

Ndinabwereza m'Chichewa.

"Ndiye akuti ndikudwala ine?" Anatambasula mikono yawo n'kuiyang'ana. "Uwauze kuti odwala ndinawaona. Ndinawasambitsa ndi manja awa. Sanali chonchi."

Namwinoyo sanatsutsane nawo. Anati matenda amenewa amabisala m'thupi looneka bwino, ndipo akuwapeza m'makomboni ambiri, makamaka mwa amayi. Anawalangiza kuti achepetse shuga, mafuta ndi mchere, achulukitse masamba ndi zipatso. Achemwali anafunsa kuti masambawo akawathyole kuti. Mtsikanayo anayang'ana pazenera, pamene pankaoneka ziputu za fodya mpaka kolekezera maso, n'kunena kuti funso limenelo ndi limene linawabweretsa, ndipo yankho lake iye analibe. Anangoti ayesetse pamene angathe.

Ofufuzawo atachoka ndinawaumiriza achemwali mpaka anavomera kupita ku kiliniki. Alamu nawonso anachita mantha, anawaperekeza. Kumeneko anawauza zomwezo n'kuwapatsa mapiritsi. Mwezi wina mapiritsiwo ankapezeka, mwezi wina ankauzidwa kuti akagule ku Karoi, ndipo miyezi yotere nthawi zambiri inkadutsa osamwa.

Anayesetsa, ndipo ndimafuna kuti zimenezi zidziwike. Timapiritsi ta m'chitini tija anatitaya m'chimbudzi ine ndikuona. Tiyi anayamba kumwa wopanda shuga, akukwinya nkhope. Anasiya kukwera thirakitala ya alamu imene masiku ena inkawanyamula m'mawa, n'kumayenda pansi mpaka pamphambano. Mwini sitolo ankawabweretsera nkhwani kuchokera kuseri kwa nyumba yake akakhala nayo. Ine ndinadzala repu m'masaka a feteleza odzaza dothi, madzi ake ndikutunga pa mjigo pamene mzere sunkatha, ndipo mbuzi za eni mapuloti zinkadya gawo lawo. Pang'ono pomwepo panaoneka kusintha. Mutu unachepa kuwawa, kachitunda kaja anayamba kukakwera osaima, nkhope inalowa pang'ono.

Ndi nkhope imeneyo imene anthu anaona. Pa mjigo mayi wina anawafunsa, akuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati zonse zili bwino. Wina anamveka akunena kuti ana amatsata makolo, ngakhale zichedwe bwanji. Dalaivala wa lole amene kwa zaka ankagula mandasi kwa iwo anayamba kuwadutsa n'kukagula mabanzi m'sitolo. Azakhali a alamu anakwera kombi kuchokera ku Darwendale kudzafunsa alamuwo pambali ngati anayezetsa magazi. Pa nthawiyi mankhwala a matenda aja anali atabwera kalekale, ndipo ambiri pa komboni ankamwa n'kumakhala bwino, koma maso a anthu anali akale omwe aja.

Loweruka lina ndinapita pamphambano, ndinawapeza ali ndi mbale ya tchipisi pamwendo, botolo la chakumwa chozizira lili pambali.

"Achemwali, n'chiyaninso ichi?"

"Khala pansi," anatero, n'kundikankhira kabokosi. Anapukuta zala pa nsalu. "Wa shuga anthu amamuzonda, amamubweretsera nthochi. Woonda amamuyang'ana m'khosi. Iwe unali mwana, sunamve zonse. Ine ndinamva zonse."

Ndinawakumbutsa zimene anauzidwa ku kiliniki, kuti mtsempha ungathe kuphulika m'mutu.

"Ndikudziwa. Mapiritsi ndizimwa. Koma thupi langa mundisiyire."

Ndinalira, ndinaopseza kuti sindidzapondanso pakhomo pawo. Alamu anachonderera, anati za azakhali zisawavute, iwo anawakwatira chifukwa cha mtima. Achemwali ankatimvera masiku angapo, kenako n'kubwerera. Chakudya chomwecho chinali patsogolo pawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chaulere, pamene masamba anali ofuna kusakasaka. Thupi linabwerera n'kupitirira pamene linali kale, ndipo pa mjigo anayambanso kuwauza kuti asimba.

Tsiku lina mafuta otentha anawatayikira pa phazi. Sanamve kuwawa kwenikweni, anangomanga kansanza. Kachilondako kanakhala dzinja lonse osapola. Maso anayamba kuchita chifunga, anthu n'kumawazindikira ndi mawu. Mwana wawo anayamba kumapita pamphambano akaweruka kusukulu kuti azikawathandiza, ndipo posakhalitsa masiku opita kusukuluwo anachepa.

Zinachitika m'mawa wina, nyengo imene malole amanyamula mabelo a fodya kupita ku Harare. Akutembenuza mandasi, chipande chinagwa m'manja. Anafuna kuchitola, anatsetsereka pa kampando n'kugwera m'mbali, pakamwa patapotoka. Mwini sitolo anathamangira kumunda kukaitana alamu. Panafunika amuna angapo kuti awakweze mu ngolo ya thirakitala, ndipo ine nditamva ndinawapeza ali kale pa msewu waukulu akudikira galimoto. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonekedwa kwa kanthawi, n'kutibwezera kunyumba mbali ya kumanja itafa, mawu atamangika.

Ndinasamukira kwawo. Kuwasambitsa ndi kuwatembenuza sindikanatha ndekha, ndinkadikira alamu kapena kuitana amayi oyandikana nawo. Chishona chinawathawa chonse. Mawu ochepa amene anatsala anali a Chichewa cha paubwana, ndipo masiku ena ine ankanditcha amayi. Anthu ankabwera kudzazonda ambiri, a kutchalitchi, a kumzikiti, oyendetsa malole. Ankalowa m'nyumba, kukhala pa bedi, kumwa madzi athu, kusiya nthochi ndi buledi pa tebulo. Achemwali ankawayang'ana ndi diso lawo labwino, kenako n'kuyang'ana ine.

Ali chigonere choncho, ofufuza aja anabweranso kudzatiuza zimene anapeza. Anasonkhanitsa anthu mu shedi yakale, pamodzi ndi ena mwa eni mapuloti. Ananena zimene tinkazidziwa m'mimba mwathu, kuti m'makomboni ana ambiri sakukula bwino pamene amayi awo akulemera mopitirira, onse akudya m'mbale imodzi. Panakambidwa zopatula malo a dimba pafupi ndi mjigo, anthu anaomba m'manja, ndipo mpaka lero zikukambidwabe. Msonkhano utatha namwino uja anandifunafuna n'kufunsa za amayi a mandasi aja. Ndinamutenga kunyumba.

Anagwada pafupi ndi bedi n'kupereka moni. Sindinkayembekeza kuti achemwali amuzindikira. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja lamanzere n'kumugwira pa mkono, chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kukumana. Anapukusa mutu. Analimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka.

"Idya."

Namwinoyo anandifunsa tanthauzo ngakhale kuti mawuwo m'Chishona ndi omwewo. Ndinamuuza. Anaseka, kenako anatuluka msanga n'kukaima kuseri kwa nyumba, atatifulatira.

Sitiroko yachiwiri inabwera mvula isanayambe, masana, ine ndikuchapa panja. Pamene ndinkalowa n'kuti atapita. Bokosi limene linalipo kwa kalipentala linachepa, anachita kukhoma lina. Pa maliro anthu ankafunsana kuti munthu wa thupi labwino chonchija angafe bwanji, ndipo ena anayamba kutchula mayi wina amene ankagulitsanso mandasi pa msewu. Abale ena anafuna kuti tipite kwa sing'anga. Alamu, amene sindinawamvepo akukweza mawu, anakana mpaka nkhaniyo inazilala.

Sabata yotsatira mwana wawo anakakhala pa kampando ka mayi ake. Ntchito ya alamu inali ya nyengo, ndipo m'nyumba munkafunika ufa. Mwini sitolo anazengereza, anandifunsa ngati ndikuvomera. Ndinalibe ntchito ina yoti ndimupatse mwanayo. Ndinamuuza kuti azitenga chakudya cha kunyumba m'kabakuli, zotsala azigawira ena. Anandiyankha kuti, "Ndamva, amayi aang'ono," ndipo masiku ena amatengadi.

Mwezi utatha abale anabweranso kuchokera ku Darwendale kuti zovala za malemu zigawidwe. Anayala mphasa pakhonde n'kukhuthula sutikesi. Maduku, nsalu ndi nsapato zinapita msanga. Atafika pa madiresi, azakhali a alamu ankanyamula imodzi n'kuitana munthu, woitanidwayo n'kuiyeza pathupi, ndipo inkamuzungulira n'kutsala. Poyamba anthu anaseka pang'ono. Ataitana wachitatu ndi wachinayi kusekako kunatha. Panalibe ngakhale mmodzi pakati pathu woti ingamukwane. Wina anati angodulira ana. Alamu anadzuka n'kupita kukakhala pa thirakitala.

Ndinawapinda madiresiwo, kuwaika m'saka n'kusenza. Patapita nthawi ndinapita nawo kwa telala wa pamphambano. Pa diresi imodzi ankatulutsa timadiresi tiwiri, pena ndi kabudula, ndipo ndinagawira ana a ku kireshi amene ankabwera ndi zong'ambika. Pomaliza telalayo anandifunsa ngati ndikufuna zidutswa zotsala. Ndinamuuza kuti asunge, aziikira anthu zigamba.